Theka la Piritsi

Midzi ndi matauni amene ndinapondamo sindingawaike pamzere. Ndikatsinzina amasakanikirana ngati nyemba za mitundumitundu m'lichero limodzi. Msika wa kwina umapezeka m'mbali mwa mtsinje wa kwina, ndipo mlatho umene ndinawoloka ndili mtsikana ndimauwolokanso imvi zili mbuu. Chimene sichisokonekera ndi kulemera kwa kumsana. Kulikonse kumene ndinapita ndinali nditabereka mwana wanga wamkazi, Sungeni, poyamba chifukwa anali khanda, pambuyo pake chifukwa miyendo yake inkakana ntchito. Bambo ake anapita kukafuna ntchito kunja mwanayo asanamere mano, ndipo nkhani yawo yathera pomwepa. Dzina langa anthu sanavutike nalo. Ankangoti amake Sungeni, ine n'kuvomera.

Ntchito yoyamba imene ndinaphunzira inali yopha. Kunali esiteti ina ya thonje kuchigwa kotentha, kumene mthunzi unali wa thupi lako lomwe basi. Akazi ankawalemba yotola thonje, koma ine ndinaona kuti opopera mankhwala amaweruka dzuwa lisanafike paliwombo. Ndinakaima pamaso pa kapitawo, a Makwinja.

"Mpope umenewu ngwa amuna," anatero a Makwinja. "Ukadzaza umalemera ngati mbuzi."

"Ine ndimabereka mbuzi yolira tsiku lonse," ndinatero ndikuloza Sungeni. "Yanuyi ndi yachete."

Anaseka, nandimangirira mpopewo kumsana. Mwana ndinkamusiya kushedi kwa amayi osankha thonje.

Chaka choyamba mbozi zinkagwa ngati matalala. Tikapopera m'mawa, pofika madzulo pansi pangoti mbwee. Koma ine maso ndili nawo. Kunsi kwa tsamba lina ndinkaona imodzi, mwina ziwiri, zikuyenda ngati palibe chachitika. Ndinawauza a Makwinja, iwo anati, "Zotsalazo n'zochepa, zitaye." Mvula yotsatira zotsala zija zinali zitaswana. Tinapopera mankhwala omwe aja, izo zinkamwa ngati thobwa. A Makwinja anati tiwonjezere mphamvu, ndipo tinawonjezera. Masamba anapsa, mbalame zinasiya kubwera, achule a m'ngalande anatembenuza mimba, koma mbozi zinanenepa. Esiteti inatsekedwa thonje likadali m'munda. Ndinachokako ndikudziwa kuti woopsa si khamu limene lagwa, koma kamodzi kaja katsala kunsi kwa tsamba.

Sungeni anayamba kudwala mano ake oyamba atayamba kugwedera. Tinali m'tauni ina yapamphambano, yafumbi. Akasewera pang'ono ankakhala pansi. Zikhatho zinayera ngati ufa, nkhama zinkatuluka magazi, ndipo m'miyendo munabuka mikwingwirima, mpaka amayi oyandikana nafe anayamba kundiyang'ana cham'mbali ngati ndimamumenya. Kuchipatala chaching'ono anati malungo. Kenaka anati magazi achepa. Kenaka anasiya kunena, anatikweza ambulansi.

Chipatala chachikulu chinali pamtunda, mumzinda wa mapiri. Chinali ndi khonde lalitali, benchi yaitali, ndi zenera loyang'ana mtengo wa mango. Chitseko chinatseguka, ndipo anatuluka mayi wamfupi akupukuta magalasi ndi ngodya ya gawuni lake loyera. Anali Dokotala Chingwalu, woyang'anira wodi ya ana.

"Mayi, mwana wanu ali ndi khansa ya m'magazi," anatero. "Magazi amapangidwa m'kati mwa mafupa, m'mafuta aja mumatsopa mukamadya nyama. Mwa iye muli timbewu tina ta magazi tobadwa molakwika. Sitikhwima, sitigwira ntchito, timangoswana mpaka tabwino tasowa pokhala."

"Timafa ndi chiyani?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ambiri amayamba ndi kufunsa ngati achire."

"Ine ndikufunsa chimene chingagwirike ndi manja."

Anamuika dripi. Tsitsi linathothoka, m'kamwa munachita zilonda, ndipo ankasanza ngakhale madzi. Sindinadabwe. Mpope ndinkaudziwa, ndipo ndinkadziwa kuti masamba amapsa nawo.

Kuseri kwa wodi kunali shedi ya magadiyani, ife odikirira odwala. M'menemo munali lamulo limene palibe analilemba, koma linali lolimba kuposa la boma: m'shedi munthu saphika yekha. Wabwera ndi mchere, mcherewo ngwa tonse. Tomato mmodzi ankagawidwa mpaka nthangala. Sopo ankamudula ndi ulusi kuti aliyense achape. Wosunga lamuloli anali a Nasoko, mayi wamkulu thupi amene kale ankagulitsa usipa, ndipo tonse tinkawatchula a Tcheya.

"Kupatsa n'kuika, amayi," ankatero a Tcheya kwa aliyense wobwera kumene. "Muno mulibe mlendo. Tonse tinabwera pa galimoto imodzi."

Ine ndinafika m'shedimo chimanjamanja. Amene anandiona poyamba anali Nangondo, mayi wamtali wowonda, wa pakamwa posatseka. Mwana wake, Zione, anali wa msinkhu umodzi ndi Sungeni, matenda ake omwewo, bedi lake loyandikana.

"Iwe wabwera ngati nkhuku yopita kumsika, wopanda ngakhale mbale?" anatero Nangondo. Asanamve yankho anang'amba chitenje chake chachiwiri pakati, nandiponyera theka.

Moni wa m'wodi umo unali wa chala. M'mawa uliwonse mayi ankakoka chikope cham'munsi cha mwana wake kuti aone ngati m'kati mwafiira, ndipo akatha ankakoka cha mwana wa mnzake. Tsiku lina Nangondo anakoka cha Sungeni, osanena nthabwala. Munali moyera ngati mkaka. Anamwino anati magazi osungira atha. Anayeza anga nati ndi ochepa, ndikapereka ndigwa. Nangondo anapinda mkono wa bulawuzi.

"Tengani anga. Ngamwano koma ngofiira."

Atatuluka, akuyenda mogwira khoma, anandikodola. "Ukadzamva mwanayu akutukwana usadzamumenye. Ndidzakhala ndine ndikulankhula."

Nyengo inatembenuka. Mango anapsa, anagwa, anatha. Tsiku lina Dokotala Chingwalu anatuluka akupukuta magalasi nati ana athu onse awiri apite kwawo.

"Timbewu tija sitikutiona," anatero.

"Simukutiona, kapena tatha?" ndinafunsa.

"Sitikutiona."

Ndinamukonda mayi ameneyu chifukwa cha yankho limenelo.

Nangondo analowera kumpoto, ine kummwera, kapena mwina zinali mosemphana. Ndinakapezeka m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu waukulu, anthu atakolola, minda ili yoyera. Kumeneko kunali mkulu wina wotsimphina, a Dzimbiri, mkumbi wa mbewa. Ana awo onse anali atapita kutauni, ndipo ankasowa wowagwirira khasu.

"Mkazi kukumba mbewa?" anatero. "Amuna adzakuopa."

"Ndi zimene ndikufuna."

Tsiku loyamba ndinapeza una wabwino, wa mapazi atsopano pakhomo. Ndinaunjika udzu, ndinayatsa, ndinauzira utsi mpaka maso kufiira. Kenaka ndinakumba, thukuta lili kamukamu. Ndinapeza chisa chofunda, chopanda mwini. A Dzimbiri anali atakhala pachulu akuseka mpaka kutsokomola. Atatha anandigwira mkono, nanditengera chapatali pang'ono, patsinde pa udzu. Anakanda ndi chala, ndipo panaoneka kabowo kophimbidwa ndi dothi lopyapyala.

"Mbewa sikumba khomo limodzi, mwana wanga. Ili ndi lolowera, limene ukuliona, ndi lothawira, limene sifuna kuti ulione. Ngati sunatseke apa, utsi wako ukungoifunditsira nyumba."

"Ndikachulutsa utsi?"

"Opusa ndiwo amachulutsa utsi. Ena amatentha tchire lonse chifukwa cha mbewa ziwiri, mbewazo zili pa msinkhu wa chala kumbuyo kwawo zikuonerera. Yamba wapeza khomo, ikapo mwala, ndiye uyatse. Ndipo una uliwonse uli ndi pake. Mwala umene watseka apa sutseka wa uko."

Ndinaphunzira. Ndinkazungulira una mogwada, ndikuwerenga dothi, ndisanakhudze machesi. Tinkaziika pampani n'kumagulitsa kwa a m'mabasi. Tsitsi la Sungeni linamera lofewa ngati la khanda, ndipo basi ikaima ankathamanga kuposa ana onse a m'mudzimo. Dereva wina atafuna kumubera, anamutukwana mawu amene sanawamvepo kwa ine. Sindinamumenye.

Moni wa chala sindinausiye. M'mawa wina ndinakoka chikope, ndipo munali moyera.

Khonde linali lomwe lija, benchi yomwe ija, zenera lomwe lija. Mtengo wa mango unali ndi maluwa. Kumapeto kwa benchi kunali munthu wamtali atabereka mwana wamkulu kale, miyendo ikulendewera.

"Nawenso?" anatero Nangondo.

"Nanenso."

"Tinaiwala chiyani kuno ife? Ine ndinatenga mbale zanga zonse."

Anawaikanso dripi onse awiri. Tsitsi linathothokanso, koma ulendo uno timbewu sitinagwe. Dokotala Chingwalu anatiitana.

"Timene tinatsala tija taswana, ndipo mankhwala athu tikuwadziwa tsopano."

"Musawonjezere mphamvu, adokotala," ndinatero. "Ndinaonapo munda ukupsa."

"Sindikufuna kuwonjezera. Mitima yawo singapirire. Ndikufuna nditenge kadontho ka mafuta a m'fupa la m'chiuno, nditumize kutali, kwa anthu amene amatha kuona m'kati mwa kambewu kamodzikamodzi. Tidziwe chimene chikutipatsa mphamvu."

Anatenga kwa ana onse awiri. Tinadikira. Maluwa a mango anagwa, tizipatso tinatuluka. Yankho litabwera anandiitana ndekha.

"M'kambewu kalikonse ka thupi muli tiulusi tosunga malangizo," anatero. "Mwa Sungeni tiulusi tiwiri tinaduka n'kulumikizana molakwika. Polumikizira pamenepo panabadwa kanthu kamene kamangolamula kuti swanani, swanani, musafe. N'chifukwa chake dripi ikulephera. Koma kanthu kameneka n'kodziwika. Pali piritsi limene linapangidwira iko kokha. Limakakhala pamenepo ngati chitsekerero. Tikatseka, mankhwala ena aja ayambanso kugwira."

"Khomo lothawira," ndinatero. "Mwala kaye, utsi pambuyo."

"Mungatero." Anandipatsa kabotolo koyera. "Limodzi m'mawa uliwonse, lathunthu. Osadumphitsa, osadula. Mukachepetsa simupha, mumaphunzitsa."

"Nanga Zione?"

Anavula magalasi. "Mwa Zione kanthu kameneka mulibe. Dzina la matenda ndi limodzi, koma makomo ndi osiyana. Lake sitinalipeze. Amake ndawauza kale."

Kabotoloko ndinakamanga pangodya ya chitenje, theka lija la Nangondo. Sungeni anayamba kudzuka ngati chimanga chimene chalandira mvula. Anapempha phala. Anapempha mbatata. Chikope chinayamba kufiirira. Pabedi loyandikana, Zione ankachepa m'bulangeti. Anawo ankasewerabe ndi zitsekerero za mabotolo, wina atakhala tsonga, wina atagona chammbali. M'mawa uliwonse ndikamasula ngodya ya chitenje ndinkamva maso a Nangondo padzanja langa.

Anandipeza masana, pa chingwe choyanikira zovala. M'dzanja mwake munali lezala latsopano, likadali m'pepala lake.

"Mnzanga, dula," anatero. "Theka Sungeni, theka Zione."

"Ayi."

Anaseka poganiza kuti sindinamve. "Ndati theka. Sindikupempha lonse."

"Ndamva. Ayi."

Amayi anasiya kuchapa. Wina anakaitana a Tcheya, ndipo anabwera akupukuta manja.

"Adokotala anati mwa Zione silingagwire," ndinatero.

"Adokotala anatinso dripi igwira," anatero Nangondo. "Ngakhale lisagwire, ndione mwana wanga akumeza chimene wako akumeza. Tsiku lija ndinapinda mkono wa bulawuzi, ndinayamba ndafunsa ngati magazi anga akagwire?"

"Amake Sungeni," anatero a Tcheya mofatsa, "mwana wa mnzako ngwako yemwe. Muno tagawana ngakhale singano yosokera. Matenda ndi amodzi, mabedi ndi oyandikana. Mukuti mwana wina azimeza moyo mnzake akuyang'ana?"

Amayi onse anang'ung'udza movomereza. Panalibe woipa pakati pawo. Anali anthu amene anandidyetsa. Ndinachita manyazi, ndipo dzanja langa linapita lokha pangodya ya chitenje. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna.

"Tengani ufa wanga," ndinatero. "Tengani bulangeti. Magazi anga achuluka tsopano, Zione akawafuna ndipinda mkono lero lomwe. Koma ichi si sopo, a Tcheya. Sopo ukamudula, theka limachapa ndithu. Ichi ukachidula, theka silimuchitira kanthu Zione, ndipo theka linalo liphunzitsa matenda a Sungeni kulizemba. Tidzakwirira awiri."

"Ndiye kuli bwino akwiriridwe wanga yekha?" anatero Nangondo.

Panali mawu ofewa amene ndikanasankha. Sindinawasankhe.

"Ngati ziyenera kutero, mmodzi ali bwino kuposa awiri."

Nangondo anayang'ana lezala lake, nalipinda bwinobwino m'pepala, nachoka. Madzulo ake ndinapeza mafuwa anga atawasunthira kunja kwa shedi. Ndinaphika ndekha, pamphepo. Anayamba kunditchula mayi wa piritsi. Kumanidwa mchere sikupweteka kwenikweni. Chopweteka n'chakuti palibenso amene ankabwera kudzapempha wanga.

Tsiku ndi tsiku ndinkakaima pakhomo pa Dokotala Chingwalu. "Khomo la Zione lilipo, adokotala. Palibe una wopanda khomo. Zungulirani kachiwiri." Sanandithamangitse. Anatenganso kadontho, anatumizanso. Yankho linabwera lomwe lija.

Zione anamwalira dzuwa lili paliwombo, mango atayamba kupsa. Ndinatunga madzi kupita nawo kosambitsa, monga tinkachitira tonse. Nangondo anaima pakhomo.

"Manja amenewo ayi."

Ndinatula chidebe pansi n'kubwerera. Katundu wake ndinamunyamulabe mpaka pagalimoto. Anaulandira akuyang'ana kumbali.

Titatuluka tinayendanso. Kunali tauni ina ya njanji, kumene sitima inkadutsa mosadziwika tsiku. Pakhonde la golosale panali a Saizi, osula makiyi, maso awo atayamba kuchita khungu. Ndinawagwirira tupa kwa mvula zingapo. Anthu ankabwera atakwiya, kiyi ali m'manja. "Dzulo amatsegula, lero akungozungulira!" A Saizi ankamutembenuza kiyiyo m'zala zawo.

"Kiyi sanalakwe, bwana. Loko ndiye wasintha m'kati, mano ake adyeka. Musalimbane naye ndi nyundo, muthyola chitseko. Tiyang'ane mmene alili lero, tisule wina."

Sungeni anayamba sukulu mochedwa, wamtali kuposa anzake a m'kalasi. Piritsi ankamwa m'mawa uliwonse, lathunthu, ine nditaima pomwepo. Tsiku lina, litakhala kale palilime, anameza n'kundifunsa.

"Amayi, bwanji Zione simunamupatseko?"

Ndinamufotokozera zonse, za mbozi, za una, za lezala, osachotsapo kanthu. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anatenga chikwama chake n'kupita kusukulu. Sanafunsenso, ndipo sanadumphitsepo.

Tinkapita kukayezetsa magazi nthawi ndi nthawi, ndipo matenda atabwera kachitatu makina anawaona chikope chisanayere. Khonde lomwe lija. Benchi anali ataipaka penti yobiriwira. Mtengo wa mango unali utakwera kupitirira zenera. Dokotala Chingwalu anatuluka akupukuta magalasi, m'mutu muli imvi.

"Kanthu kaja kasintha kaumbidwe pang'ono," anatero. "Piritsi likufika, koma likuterereka, silikukhala. Si kulakwa kwanu. Zimachitika ngakhale kwa omwa mokhulupirika. Mukanamadula, zikanachitika kalekale, ndisanakhale ndi choti ndikupatseni."

"Ndiye lilipo lina?"

"Lilipo. Amene amapanga mankhwalawa sanagone. Ili analipanga poyang'ana kusintha kumeneku."

"Likadzatererekanso?"

"Tidzayang'ananso mmene kalili, ndipo ndidzakuuzani zoona."

Sindinaope. Mdani amene umadziwa khomo lake ndi ntchito chabe, ngati ntchito zina. Kabotolo katsopano kanali kofiirira. Ndisanatuluke, dokotala anandiitananso.

"Masiku ano mwana aliyense timamuyeza akangofika, tisanayambe. Ndipo makomo ena amene kale sitinkawaona akudziwika tsopano. Si onse. Ndikawerenga za iwo ndimakumbukira kamtsikana kaja."

"Zione."

"Zione," anatero.

Kushedi kunali amayi ena, tcheya wina, lamulo lomwe lija. Ndinaona mtsikana wobwera kumene akulandira sopo wodulidwa ndi ulusi. Ndinatula ufa wanga wonse pakati, mchere ndi nkhuni, ndipo ndinadya nawo m'mbale imodzi. Kabotolo kanakhala pangodya ya chitenje. Piritsi latsopano linakhala pamalo pake, matenda anasowa m'magazi, ndipo tinatulukanso.

Msika umene ndinamupezako Nangondo sindikudziwa ngati unali wa kuchigwa kapena wa kumapiri. Kunali mphepo, ndipo mapepala ankauluka. Sungeni anali namwali tsopano, wondipitirira ndi mutu wonse. Kumapeto kwa mzere wa ogulitsa ndinaona mayi wamtali, wowerama msana, akudula sopo ndi ulusi n'kumayala tizidutswa pathumba. Anali yekha. Njira yolambalala inalipo. Ine sindilambalala.

"Mwaswera bwanji, a Nangondo?"

Anadzutsa mutu. Ine sanandiyang'ane. Maso ake anapita pa mtsikana amene anali pambali panga, kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Anaimirira pang'onopang'ono, anapukuta chala pachitenje, nakoka chikope cha Sungeni. Sungeni sanaphethire. M'kati munali mofiira ngati phwetekere.

"Hm," anatero Nangondo. "Magazi angatu awa."

"Anu," ndinatero.

"Amatukwana?"

"Madereva amamudziwa."

Pakamwa pake panagwedezeka, koma sanaseke. Anakhalanso pansi n'kutola ulusi wake.

"Ndinakupemphani theka."

"Ndinakumanani."

"Tsiku lija litabwerera, mungadule?"

"Ayi."

Anadula sopo kamodzi, kawiri. "Mukanati inde ndikanakuthirani madzi a m'chidebe ichi. Ndinakafunsa kwina, kwa dokotala wina amene sakudziwani. Ananena zomwezo. Sizinandithandize kanthu. Ndinkafuna munthu woti ndizimuda, ndipo inu munakwana bwino."

"Ndikadalipo. Mukhoza kupitiriza."

"Ndatopa. Kudana ndi munthu amene suli kumuona kuli ngati kutafuna chingamu chakale." Anasonkhanitsa sopo wake m'dengu, nayesa kulinyamula. Msana unakana. Anayang'ana Sungeni. "Iwe, waima ngati mlongoti bwanji? Senza dengu ili. Theka la magazi akowo ndi langa, ndipo sindinalipumitse pantchito."

Sungeni anandiyang'ana. Ndinayang'ana dengu, ndinayang'ana msana wa Nangondo, ndinayang'ana njira imene inkatsikira kunyumba kumene kunalibe womuyankha moni.

"Pita," ndinatero. "Kabotolo kali m'chikwama?"

"Kali momwemo, amayi."

Kuyambira pamenepo dzinja amakhala ndi ine, chilimwe amakhala kwa Nangondo. Amamutchula amayi aang'ono, ndipo amakangana kuyambira m'mawa mpaka nkhuku zitalowa. Ine ndikuyendabe. Miyezi ya chilimwe kumsana kumapepuka moti nthawi zina ndimapunthwa pamalo osalala.

Sungeni akabwera amandidandaulira chinthu chimodzi. Akuti kumeneko sangameze piritsi mwamtendere. M'mawa uliwonse Nangondo amaima pakhomo ndi kapu ya madzi, amamulanda piritsilo, amalikweza kudzuwa, n'kulitembenuza uku ndi uku kuti aone ngati ndi lathunthu.